DEGERE: Liu la Chilatini ndi Masiku a Akristu a ku Lunho



Pa chikondwerero cha zaka zana limodzi za parishi, pakamwa pa aliyense pamatuluka mau amodzimodzi akuti, "Zaka zapita." Mauwa ngoona, koma ngoperewera. Amamveka ngati kuti zaka ndi madzi a mtsinje wa Lunho, amene amangotsika okha kuchokera kumapiri kunka kunyanja, anthu ali chiimire pamtunda. Chilatini, chinenero chimene Misa inkachitikira m'dziko lino kufikira m'zaka za m'ma 1960, chili ndi mneni wina amene salola munthu kuima pamtunda. Mneniyo ndi degere. Ndi kaliu kakafupi, ndipo ngakhale akulu amene ankatumikira pa guwa ali ana sangakakumbukire, pakuti m'mayankho ao a pa Misa munalibe. Komabe kali m'pemphero limene Eklezia amapemphera chaka ndi chaka pa tsiku la masautso a Ambuye, ndipo kamafunsa funso loyenera parishi imene yakwanitsa zaka zana: kodi masiku onsewa anangopita okha, kapena alipo amene anawayendetsa?

1. Kumene liuli linachokera

Degere ndi mau awiri olumikizidwa, de ndi agere. Agere ndi mmodzi mwa aneni akale kwambiri a Chilatini, ndipo tanthauzo lake loyamba linali la kubusa. Aroma akale anali alimi ndi abusa, ndipo kwa iwo agere kunali kuyendetsa zoweta, monga achitira mnyamata amene ali pambuyo pa mbuzi, kamtengo kali m'manja, kuzibweza zikalunjika m'munda wa eni ake, kuzifulumiza dzuwa likapendeka. Liu lomwelo ankanenera kuyendetsa ngolo ndi ngalawa. Pang'ono ndi pang'ono linakula nkuyamba kutanthauza kugwira ntchito iliyonse, kunena mlandu pabwalo, ngakhalenso kuthokoza, pakuti Mroma pothokoza ankati gratias agere, ngati kuti kuthokoza ndi ntchito yogwira ndi manja. Amene anaphunzira Chipwitikizi adzalizindikira liuli m'mau onga agir ndi agenda. Lachiwirili m'Chilatini litanthauza zinthu zoyenera kuchitidwa.

Aroma ankakonda kuika timau ting'onoting'ono patsogolo pa agere kuti apange aneni atsopano. Ataika ka co anapeza cogere, kukusa zoweta pamodzi, ndiponso kukakamiza. Ataika ka ex anapeza exigere, kutulutsa, kapena kulamula kuti chinthu chiperekedwe monga msonkho. M'menemo ndimo munachokera exigir wa Chipwitikizi. Ka de nako kali ndi ntchito yake. Kamanena za kutsika kuchokera pamwamba, komanso za kuchita chinthu mpaka kuchitsiriza. Tsono degere ndiko kuyendetsa chinthu mpaka kumapeto kwake, osachisiya panjira.

Chodabwitsa nchakuti mneni ameneyu Aroma sankanenera mbuzi kapena ng'ombe iai. Anamsungira nthawi. Ankati diem degere, kuyendetsa tsiku. Aetatem degere, kuyendetsa zaka za munthu. Vitam degere, kuyendetsa moyo wonse. Mwa kanenedwe ka aphunzitsi a malamulo a chinenero, mwininkhani ndi munthu, ndipo pamtherankhani ndi moyo. Munthu ndiye mbusa, masiku ndiwo mbuzi zake. Ophunzira amaloweza motere: dego, ndiyendetsa; degis, uyendetsa; degit, ayendetsa; degunt, ayendetsa ambiri. M'mabuku akale mneniyu amapezeka kawirikawiri akunena za ntchito imene ikuchitika kapena imene inali kuchitikabe, koma ponena za chinthu chotha kale amasowa kwambiri. Ndi mneni wa ulendo umene ukali m'kati.

Alembi otchuka a ku Roma, monga Cicero, Vergilius ndi Horatius, onse analigwiritsa ntchito liuli. Horatius, amene anamwalira zaka 8 Ambuye asanabadwe, m'ndakatulo yake ina anakana kupempha minda ndi chuma kwa mulungu wake, napempha thanzi, nzeru zabwino, ndi kuti asayendetse ukalamba wake mwamanyazi. Anali wachikunja, koma anaona kuti ngakhale ukalamba suli chinthu chongomgwera munthu: uli ndi kayendetsedwe kake, kabwino kapena koipa.

2. Aneni atatu onena za nthawi

Kuti degere amveke bwino, nkoyenera kumuika pakati pa anzake awiri. Woyamba ndi transire, kudutsa. Pa mneni ameneyu mwininkhani ndi nthawi imene: tsiku ladutsa, mvula yadutsa, chaka chadutsa, munthu sanachitepo kanthu. Wachiwiri ndi terere, kupera, monga mai apera pamphero, kapena monga phazi liperesa njira. Aroma ankati tempus terere ponena za munthu amene akupera nthawi yake popanda ufa wotulukapo. Pano munthu akuchitadi kanthu, koma chimene akuchita ndi kuononga. Wachitatu ndiye degere: munthu wagwira tsiku, walilozetsa kumene liyenera kupita, ndipo walifikitsa.

Msodzi aliyense wa m'gombe lino akudziwa kusiyana kumeneku. Bwato limene latengedwa ndi mwera limayenda, ndipo bwato limene mwini wake akupalasa nalonso limayenda. Woima kutali angaganize kuti onse awiri ali paulendo. Koma limodzi lidzakocheza kumene mphepo yafuna, mwina pamiyala, pamene linzake lidzakocheza padooko limene mwini wake anatchula ponyamuka. Palinso bwato lachitatu, la munthu amene akupalasa ndithu, thukuta lili kamukamu, koma akungozungulira pamodzimodzi chifukwa nkhafi akuiponya mbali imodzi yokha. Loyambalo ndi transire, lachitatuli ndi terere, lachiwiri lija ndi degere.

Chipwitikizi, ngakhale ndi mwana wa Chilatini, degere sichinamlandire m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku. Chimati passar o tempo, kupititsa nthawi, kapenanso matar o tempo, kupha nthawi, mau oopsa kwa wowalingalira bwino. Oyandikirako ndi akuti levar a vida, kunyamula moyo. Koma Chinyanja pa nkhani imeneyi sichosauka. Chili ndi kuswera, ndiko kutha usana wonse. Chili ndi kuchezera, ndiko kutha usiku osagona, monga achitira asodzi a usipa panyanja ndi nyali zao, kapena olira pamaliro. Chili ndi kugonera, ndiko kutha usiku pamalo pamene si kwanu. Wofunsa kuti, "Mwaswera bwanji?" sakufunsa ngati dzuwa layenda, pakuti dzuwa layenda kwa onse mofanana. Akufunsa za munthuyo, m'mene walisenzera tsikulo. Degere ndi kuswera kwa moyo wonse, ndipo pa tsiku lomaliza Mulungu adzafunsa aliyense funso lomwelo la madzulo limene makolo anaphunzitsa ana ao.

3. Pemphero la Lachisanu Loyera

Pa Lachisanu Loyera Misa sichitika. Atawerenga mbiri ya masautso, Eklezia amapereka mapemphero aakulu khumi, opempherera Eklezia, Papa, atumiki ndi Akristu onse, ophunzira za ubatizo, umodzi wa Akristu, Ayuda, osakhulupirira Kristu, osakhulupirira Mulungu, olamulira maiko, ndi onse amene ali m'mavuto. Mapempherowa ali m'gulu la akale kwambiri a mwambo wa ku Roma. Anali m'buku la Misa la Papa Pius V la mu 1570, ndipo anakhalamobe, ena atakonzedwa, m'buku la Papa Paulo VI la mu 1970. M'pemphero loyamba, lopempherera Eklezia, ndimo muli degere. Wansembe amaitana anthu kuti apemphe Mulungu apatse Eklezia mtendere, amgwirizanitse ndi kumsunga pa dziko lonse, ndiponso kuti opempherawo, pamene akuyendetsa moyo wabata ndi wamtendere, athe kumlemekeza Iye.

Maganizo amenewa anachokera m'kalata yoyamba ya Paulo Woyera kwa Timoteo, mutu 2, pamene Akristu akuuzidwa kupempherera anthu onse, mafumu ndi akulu olamulira, kuti moyo uyende mwabata. Mafumu a nthawi imeneyo sanali Akristu, ndipo ena mwa iwo anazunza Eklezia. Kalatayo inalembedwa m'Chigriki, ndipo mneni wake ndi diago, womangidwa monga degere: kaliu kotanthauza kupyola, ndi mneni wotanthauza kuyendetsa. Baibulo la Chilatini lotchedwa Vulgata linamasulira ndi agere yekha, koma pemphero la Lachisanu Loyera linasankha degere, amene amamveketsa bwino kutalika kwa ulendowo. Nkofunika kudziwanso kuti mneni yemweyo wa Chigriki akupezeka m'kalata ya kwa Tito, mutu 3, akunena za anthu oyendetsa moyo wao m'njiru ndi kaduka. Ndiye kuti mneniyu payekha sali woyera. Mbusa angathe kuyendetsa mbuzi kumsipu, angathenso kuziyendetsa kuphompho.

M'pempheromo liuli likuoneka monga degentibus, ndiye kuti "kwa amene akuyendetsa." Kamangidwe kameneka kali ndi phunziro lake. Chimene chikupemphedwa kwenikweni si moyo wabata iai, koma kulemekeza Mulungu. Moyo wabata ukungotchulidwa monga njira imene opemphawo akuyendamo. Mtendere ndi bwato, si dooko. Eklezia sapempha bata kuti ana ake agone, koma kuti manja ao amasuke, aphunzitse ana, asamale odwala, alime ndi kupemphera popanda kucheuka. Amene walandira mtendere nauyesa mathero a ulendo, pempherolo walimva theka.

4. Masiku a nkhondo yoyamba

Dziko la m'mbali mwa nyanja lino silinapatsidwe masiku abata ochuluka. Mthenga Wabwino unayamba kumveka kuno ndi abale a mpingo wa Anglikani, amene anafika panyanja m'zaka za m'ma 1880; William Percival Johnson anayenda midzi ya m'gombe kwa zaka zambiri, ndipo Messumba inakhala likulu lao. Amishoni a Consolata, a chipani chimene Giuseppe Allamano Woyera anayambitsa ku Torino mu 1901, analowa m'Niassa mu 1926, natsegula mishoni ya Massangulo mu 1928. Pambuyo pa pangano la pakati pa Portugal ndi Papa la mu 1940, sukulu zoyambira za ana achikuda zinaikidwa m'manja mwa mishoni za Katolika, ndipo maphunziro anali a m'Chipwitikizi. Kotero mwana ankayankhula Chinyanja kunyumba, Chipwitikizi kusukulu, Chilatini pa guwa. Dayosizi ya Vila Cabral, imene tsopano ndi ya Lichinga, inakhazikitsidwa mu 1963. Pa 4 Disembala chaka chomwecho, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unalola zinenero za anthu m'mapemphero a Eklezia. Miyezi khumi isanakwane, mu Sepitembala 1964, nkhondo yomenyera ufulu inayamba, ndipo Cóbuè, kumpoto kwa gombe lino, anali amodzi mwa malo oyamba kumva mfuti. Pemphero lopempha moyo wabata linayamba kumveka m'chinenero cha anthu pa nthawi imene bata linali litathawa.

M'zaka zimenezo aneni atatu aja anaonekera poyera pa dera limodzi. Ku Lunho kunali msasa wa asilikali a Chipwitikizi, ndipo pakati pao dzina la Lunho linkatchulidwa ndi mantha. Ambiri anali anyamata olembedwa usilikali mokakamizidwa, otengedwa m'midzi yao kutsidya la nyanja yamchere kudzamenya nkhondo imene sanaisankhe. Anapeka nyimbo zodandaula ndi zodzudzula owatuma, zimene zinasonkhanitsidwa ndi dzina lakuti Cancioneiro do Niassa, ndipo imodzi mwa izo imatchedwa ndi dzina la Lunho. Chimene ankayembekeza chinali chimodzi: tsiku lobwerera kwao. Tsiku lililonse la pano linali lofunika kulipera kuti lichoke. Ameneyo ndiye terere, ndipo ngwomvetsa chisoni, pakuti masiku operedwawo anali a unyamata wao, ndipo ena mwa iwo sanabwerere.

Eni dziko nao anamwazika. Ena anasonkhanitsidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, yotchedwa aldeamento. Ena anathawira kumapiri. Ena anaoloka kunka ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Tchalitchi chachikulu cha ku Cóbuè chinasanduka bwinja. Wothawa nkhondo ndiye munthu amene walandidwa nkhafi. Sadziwa tsiku lobwerera, salima munda wake, sayika maliro pamanda a makolo ake. Kwa iye nkwapafupi kungoti masiku adutse, ndipo palibe amene angamdzudzule. Komabe m'misasa imeneyo munapezeka anthu amene anakana kutengedwa ndi mwera. Mai amene anadzala chinangwa pamalo achilendo, podziwa kuti chimatenga miyezi yambiri, anali atagwira nthawi pachingwe. Nkhalamba imene inkasonkhanitsa ana madzulo kuwaphunzitsa chizindikiro cha mtanda ndi mapemphero, munthu amene anabatiza khanda lili pafupi kufa, amene ankawerenga masiku m'thengo kuti anzake adziwe kuti lero ndi Lamulungu, onsewa Chilatini sanachidziwe, koma degere anamchita. Kudziwa Lamulungu pamene kulibe belu kapena wansembe si chinthu chaching'ono: ndiko kukana kuti masiku onse asanduke phala limodzi.

5. Zaka za Eklezia wopanda nyumba zake

Ufulu unafika pa 25 Juni 1975, ndipo anthu anabwerera ndi chimwemwe. Koma pa 24 Julaye chaka chomwecho boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, amishoni ambiri anachoka, ndipo otsala sankayenda momasuka. M'malo ambiri matchalitchi anatsekedwa kwa kanthawi. Ikanakhala kuti parishi ndi nyumba za njerwa zokha, bwenzi lero palibe chokondwerera. Mu 1977 nthumwi za madayosizi onse zinakumana ku Beira pa msonkhano woyamba wa dziko lonse wokambirana za ubusa, nizigwirizana kuti Eklezia wa ku Mozambique aime pa timagulu ting'onoting'ono ta Akristu ndi pa mautumiki a anthu wamba: wotsogolera mapemphero a Lamulungu, wophunzitsa ofuna ubatizo, woyendera odwala, wotsogolera maliro, wolangiza mabanja. Ambuye Luís Gonzaga Ferreira da Silva, amene anali episkopi wa dayosizi ino kuyambira 1972 mpaka 2003, anaweta nkhosa zao m'nyengo zinai zosiyana: ya atsamunda, ya ufulu, ya nkhondo yachiweniweni, ndi ya mtendere.

Nkhondo yachiwiriyo inapweteka kuposa yoyamba, pakuti inali ya ana a mimba imodzi. Zitsanzo ziwiri za kutali ndi nyanja zikuonetsa m'mene akatekisti anayendetsera masiku amenewo. Choyamba nchochokera ku Nipepe, m'dayosizi yomwe ino. Mu Januwale 1989 akatekisti, mabanja ao ndi anthu ena ambiri anatsekeredwa m'tchalitchi kwa masiku angapo, nkhondo ili panja. Madzi analipo ndi a m'chitsime cha ubatizo okha. Anapempha Mulungu kudzera mwa Sisteri Irene Stefani wa Consolata, amene anamwalira ku Kenya mu 1930, ndipo madziwo anakwanira onse. Eklezia anachivomera monga chozizwitsa, ndipo sisteriyo anatchedwa Wodala ku Nyeri pa 23 Meyi 2015. Anthu aja analibe mphamvu pa chitseko, kapena pa mfuti zimene zinali panja. Chimene chinatsala m'manja mwao chinali maora okha, ndipo maorawo anawayendetsa m'pemphero ndi m'kugawana.

Chachiwiri nchochokera ku Guiúa, m'chigawo cha Inhambane, kumene pa 22 Malichi 1992 akatekisti ndi a m'mabanja mwao anagwidwa ali pamalo ophunzirira ntchito yao, naphedwa. Panali patangotsala miyezi isanu ndi umodzi ndi masiku ochepa kuti pangano la mtendere lisainidwe ku Roma, pa 4 Okutobala 1992. Akanatha kunena kuti, "Tiyambe taona nkhondo ithe, maphunziro adzabwera pambuyo." Sanatero. Ka de ka m'liu lija, kotanthauza kufikitsa kumapeto, kwa iwo kanalembedwa ndi magazi.

6. Wodwala nayenso akuyendetsa

Wina angafunse kuti: nanga amene alibe mphamvu, nkhalamba imene maso achita khungu, wodwala amene sadzuka pamphasa, kodi mneni ameneyu akuwakhudza? Yankho lili m'mbiri ya liu lomweli. M'kupita kwa zaka degere anayamba kuima yekha, popanda kutchula moyo kapena tsiku, natanthauza kukhala pamalo. Makalata a Eklezia a m'Chilatini amatchula Akristu okhala m'dera lakuti ndi liu lakuti degentes. M'Chitaliyana, chinenero cha kwao kwa amishoni oyamba a Consolata, mpaka lero munthu wogonekedwa m'chipatala amatchedwa degente. Liu limene linayambira kwa mbusa wothamanga ndi zoweta linakathera pabedi la wodwala.

Zimenezi zisaoneke ngati liu lafooka. Wodwala amene wapereka ululu wake kwa Mulungu, amene wakhululukira m'bale wake asanatsikire kuli chete, amene akupemphera korona usiku pamene tulo tasowa, akuyendetsa masiku ake monga msodzi amene ali pakati pa nyanja. Yezu mwini, pa Lachisanu lija, manja ali okhomedwa, analibe chimene akanagwira. Komabe pa maora amenewo anakhululukira ompachika, analonjeza paradizo kwa chigawenga cholapa, napereka amai ake m'manja mwa wophunzira. Si mwangozi kuti Eklezia amatchula degere pa tsiku limenelo.

7. Masiku a mtendere

Tsopano papita zaka zoposa makumi atatu chisainireni pangano la ku Roma. M'midzi ya m'gombe muli abambo ndi amai a ana amene sanathawepo nkhondo. Chimene makolo anapempha atagwada pa Lachisanu Loyera chaperekedwa. Apa ndipo pali ngozi, pakuti walira mvula walira matope. Nkhondo imalanda munthu nkhafi, koma mtendere umamnyengerera kuti aiike pansi yekha. Amene m'thengo ankawerenga masiku kuti asaphonye Lamulungu, adzukulu ao ena akumva belu ali chigonere. Ndalama za usipa zimene zinachezeredwa usiku wonse zikutha pa mowa dzuwa lisanafike pamutu. Mnyamata akuswera maso ali pa foni, madzulo osatha kunena chimene waona. Pa msonkhano wa mphakati pakufika amai okhaokha ndi nkhalamba, ndipo katekisti akakalamba, wolandira buku m'manja mwake akusowa. Asilikali aja ankapera masiku ao chifukwa anali kutali ndi kwao. Nchomvetsa chisoni koposa kuona munthu akupera masiku ake ali pakhomo pake, pa mtendere.

Ndiponso mtendere si mwala umene uli chikhalire. Nkhondo imene inayamba ku Cabo Delgado mu Okutobala 2017 inafika m'boma la Mecula, m'Niassa momwe muno, kumapeto kwa 2021, anthu nathawa m'midzi yao. Masiku abata ndi obwereka. Nyanja nayonso njobwereka: mbali yake ya ku Mozambique inaikidwa pa chitetezo cha boma mu 2011, koma lamulo palokha silingaletse dzanja loponya ukonde wa udzudzu pamene nsomba ziswanira. Msodzi wokokolola tiana ta nsomba wadya lero ndi mawa pamodzi. Woyendetsa moyo mpaka kumapeto amayang'ana kupyola manda ake, kufikira kwa mdzukulu amene adzafuna kupeza utaka m'madzi omwewa.

Tsono parishi imene ikulowa m'zaka zake zana lachiwiri ingachite bwino kugwira zinthu zitatu. Choyamba, Lamulungu lisungidwe m'tchalitchi chilichonse cha m'mudzi, wansembe afike kapena asafike, pakuti tsiku limeneli ndilo chingwe chimene chimamanga masiku ena asanu ndi limodzi. Chachiwiri, mphakati uliwonse usankhe wachinyamata mmodzi, mnyamata kapena mtsikana, ayende pambali pa katekisti, aphunzire ntchito mwini wake akali moyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la zaka zana silingasenzedwe ndi imvi zokha. Chachitatu, odwala ndi okalamba ayenderedwe mlungu ndi mlungu, osati kukawapatsa chithandizo chokha, komanso kukamva m'kamwa mwao m'mene anayendetsera zaka za kuthawa, ndi kuzilemba, pakuti ambiri mwa amene anasunga chikhulupiriro pano maina ao sali m'buku lililonse.

Zaka zana zimene zikukumbukiridwa lero sizinadutse zokha. Zinayendetsedwa tsiku limodzilimodzi, ndi ansembe ochokera kutali, ndi asisteri, ndi aphunzitsi, koma makamaka ndi anthu wamba amene anagwira nkhafi pamene mafunde anali aakulu. Nkoyenera kuthokoza Mulungu chifukwa cha iwo. Koma wothokoza akumbukire kuti m'Chilatini kuthokoza ndi gratias agere, ndipo agere ameneyu ndi yemweyo ali m'kati mwa degere. Kuthokoza kwa parishi sikudzayesedwa ndi nyimbo ndi magule a lero, ngakhale ngokoma, koma ndi m'mene Lolemba likudzali lidzayendetsedwere, kumunda, kudooko, kusukulu ndi m'nyumba.

Mulungu Atate, mwini nthawi zonse, apatse anthu a ku Lunho ndi a dziko lonse la Mozambique masiku abata, ndipo awapatsenso manja owayendetsa mpaka kutsidya. Maria Virigo Woyera, Mai Wotonthoza, awapempherere. Amen.